Nambala ya M'chikhatho

Timapepala ta pamzere tatha, watero mlonda,
ndiye wandigwira dzanja ngati wofuna kundilosera,
nalemba 47 m'chikhatho ndi cholembera chofiira.
Ndafumbata.
Kuno ku Tete dzuwa silidikira kuti munthu ayasamule,
pofika eyiti koloko khoma la ofesi layamba kale kuwotcha msana.

Zefelino wagona pamiyendo panga,
chifuwa chake chikulira ngati wezulo wosweka.

Ndine Jakinta, kwathu ndi ku Domwe.
Tinatsika ndi bambo ake kudzasaka ntchito ya malasha,
malasha anawalowa m'mapapo, tinawaika ku Moatize.
Nyumba ya ku Chingodzi njerwa tinaumba tokha.
Revubwe anabwera usiku osaodira,
anatenga zipupa, mphasa, chitupa changa,
ndi kabuku ka kusikelo ka mwanayu.
Chitseko chokha ndinachipeza m'mawa
chitakodwa mumtengo wa masau,
loko wake ali chikhomere.

Masabata atatu tsopano ndikugona pachitsekocho
kuseri kwa msika wa Kwachena, potayira makoko a malambe.
Kukada ndimamanga mwana kumwendo kwanga ndi chitenje,
mfundo ziwiri.
Oledzera amanunkhiza pomwe pagona mkazi wopanda khoma.
Ndimagona ndi mwala m'manja,
ngati kumeneko n'kugona.

Lolemba anati bwerani ndi kalata ya sekeletaliyo wa dera lanu.
Sekeletaliyo anati dera lake liti, mayi? Pomwe munali pali mchenga.
Lachitatu anati chitupa.
Kwa achitupa anati kalata ya kumene mukukhala.
Ndazungulira ngati mbuzi pachikhomo
mpaka chingwe chandifika pakhosi.

Pamzere pali mnyamata wa ndodo ziwiri,
amadziwa maina a onse a m'katimo.
Wandinong'oneza: mukalowa mupite kwa Dona Filomena,
iwo amayang'ana munthu kumaso.
Wandigawiranso madzi a m'botolo, otentha ngati tiyi.

Akuitana 39. Akuitana 40.
Ndafumbatula kuti ndione chuma changa.
Thukuta ladya 7.
Kwatsala 4 yekha, wotsimphina,
ndipo 4 anaitanidwa kalekale,
analowa, anatuluka, pano mwina akusamba kwawo.

Ndalowa basi. Mlonda wayang'ana kumbali.

Mukukhala kuti? afunsa osadzutsa mutu.
Pachitseko.
Cholembera chaima.
Chitseko cha nyumba ya yani?
Chitseko n'changa, mayi. Nyumbayo ndi imene ndadzera.

Apo ndiye adzutsa mutu.
Amvetsera chifuwa cha Zefelino ali patali pomwepo,
alemba mawu ambiri kuposa amene ndalankhula,
asakasaka chidindo m'dilowa,
achimenya kawiri chifukwa inki yauma.
Ku Matundo kuli matenti, atero,
ina mwina itsala Lachisanu. Sindikulonjeza.

Nanga lero?

Fani yakudenga yazungulira kasanu, ndawerenga.
Palibe wayankha.

Kenaka anditenga dzanja,
alipukuta ndi kansalu kawo konunkhira sopo,
alemba dzina lawo ndi tsiku pamwamba pa 4 uja.
Mukadzafika musadzaime pamzere, mudzangoonetsa ichi.

Lero ndi Lachiwiri.
Masiku atatu osasamba m'manja,
masiku atatu kudya ndi dzanja lamanzere,
mwala nawo usamukire kumanzere.

Ndikubwerera ku Kwachena dzanja lili m'mwamba
ngati munthu wapsa ndi moto.
Zefelino akufuna kuligwira, ndikumukaniza,
akulira, sakumvetsa.
Machapa akutiwaza fumbi, makondakitala akukuwa Moatize! Moatize!
Ine maso ali kutsogolo.
Chitseko ndinachisiya m'manja mwa mayi wogulitsa tomato
amene amaweruka folo koloko,
ndipo mumzinda muno nkhuni zadula.